Mutu 7: Mboni Itsutsa a Makiyi

1. Chikhothi choyera

Lachinayi limenelo Kadontho anadzuka asanadzutsidwe, chinthu chimene amayi ake anali asanachionepo chibadwire mwanayo. Pamene iwo ankatsegula zenera la chipinda chosokera, iye anali atasamba kale, akusita chikhothi chake choyera cha ku labu pa tebulo lodulirapo nsalu.

Dzina loti Kadontho silinali la pakhomo. Analipatsidwa ku labu ya pakoleji sabata yoyamba, atatha mphindi khumi akulimbana ndi kadontho kamodzi kamene kanakakamira kukamwa kwa kachubu kagalasi. Anzake anaseka, dzina n'kumata. Poti naye msinkhu sunamukonde, palibe amene anaona chifukwa cholichotsera.

Ku labuko anali atakhalako miyezi itatu akuphunzira ntchito pamodzi ndi mnzake wa m'kalasi, mnyamata amene onse ankamutcha Liwiro. Mawa lake, Lachisanu, nthawi yawo inali kutha. Labu inali ndi malo a munthu mmodzi yekha woti atsale chaka chathunthu. Wosankha anali a Makiyi, mkulu woyang'anira zipangizo ndi mankhwala, ndipo pepala losainira linali m'dirowa mwawo. Kadontho ankafuna malowo ndi mtima wake wonse, ndipo sankabisa.

"Bwera kuno ndikuone," anatero amayi ake, tepi ili m'khosi. Anamukonza kolala, n'kudula kaulusi kamene kanalendewera pathumba.

"Tamvera, mwana wanga. Mutu uli nawo, zimenezo sindikayika. Manja unatengera ine, sanjenjemera. Koma pakamwa pakopo m'pamene pamandidetsa nkhawa. Iwe ukaona chokhota umangoti chakhota, kaya pali anthu kaya palibe. Kwatsala masiku awiri okha. Bambo aja anayamba ntchito imeneyo ine ndisanakumane n'komwe ndi bambo ako. Ine pano amabwera amayi ena chiuno chitakula ndi mainchesi anayi, iwo n'kumati diresi ndi imene ndinaisoka yothina. Sindiwatsutsa pamaso pa anzawo. Ndimawatengera kuseri kwa katani, n'kuwayeza mwakachetechete, n'kuwaonetsa tepi. Mwezi wamawa amabweranso. Ukachititsa manyazi munthu wamkulu pagulu, ngakhale chilungamo chako chidzaze dengu, udzachisenza wekha pobwerera kwanu."

"Ndamva, Amayi."

"Wamva ndi makutu. Ndikufuna pakamwapo pamvenso."

2. Mikombero

Labu inali pamwamba, kumapeto kwa khonde lalitali lonunkhira sopo wokolopera. Munali matebulo atatu akuda, kabati yokoka mpweya woipa, ndipo pakona panali makina oyezera. Anali bokosi lotuwa chabe, lolumikizidwa ku kachikho kagalasi. M'kachikhomo munali timbale tiwiri tachitsulo toyang'anana koma tosakhudzana. Kachikhoko kankakhala m'beseni la madzi ofunda amene kutentha kwake sikunkaloledwa kusuntha pa madigiri 25.

A Makiyi unkayamba kuwamva usanawaone, chifukwa palamba wawo pankalendewera makiyi khumi ndi anayi. Anali atagwira ntchito m'chipindamo zaka makumi atatu ndi chimodzi. Analibe digiri, koma madokotala angapo ovala magauni anaphunzira kwa iwo kutsuka galasi. Akatsuka chikho iwo, madzi ankatsika osasiya ndi dontho lomwe. Akathira mankhwala, dzanja linkaima pamzere penipeni ngati lauzidwa. Kadontho ankatha kuwayang'ana m'mawa wonse osatopa.

Tsiku loyamba lija anawaimika awiriwo pamakina n'kuwauza chomwe labuyo inkachita.

"Tinthu timene timayeza muno simudzationa ndi maso. Timatchedwa mamolekyulu, ndipo athu ano ndi opangidwa ngati mkombero, maatomu asanu ndi limodzi ogwirana manja mozungulira. Pamkomberopo pamamera timikono. Tsono ganizani ana awiri ofanana mphamvu akukokerana limu ya njinga. Wina akaima uku, wina uko, moyang'anana, limu siisuntha. Koma onse akagwira mbali imodzi, limu imapita kwawoko. Magetsi a m'kati mwa molekyulu amateronso. Timikono tikakoka mofanana, molekyulu ndi yokhazikika. Tikakokera kumodzi, ndi yopendekera, mbali ina magetsi achuluka, mbali ina achepa."

Anatsitsa timabotolo titatu pashelefu.

"Awa ndi abale a mimba imodzi. Mkombero womwewo, timikono tiwiri ta kolorini tomweto. Uyu timikono take n'toyandikana, amapendekera kwambiri. Uyu tatalikirana, amapendekera pang'ono. Uyu tili moyang'anana, sapendekera n'komwe. Tidziwa bwanji, poti sitiwaona? Timawasungunula, n'kuwathira pakati pa timbale tija, n'kuyatsa magetsi. Opendekera amatembenuka kulunjika ku timbale, kachikho n'kusunga magetsi ochuluka, nambala pamakina n'kukwera. Mabuku ali nalo dzina lake lalitali la nambala imeneyo. Ife muno timangoti nambala."

Chosungunulira chawo chinali dayokiseni, wooneka mbee ngati madzi. Nayenso ndi mkombero, koma wofatsa, ndipo nambala yake ndi 2.21 basi. Vuto lake ndi ludzu. Akangoona mpata amamwa chinyezi cha mumpweya, pamene madzi enieni, omwe timamwawa, nambala yake ikuyandikira 80. Pang'ono pokha akalowamo, zonse zasokonekera. N'chifukwa chake a Makiyi ankamuumitsa okha, n'kumusunga m'botolo lalikulu m'chipinda chamkati chimene sankalowamo wina aliyense. Pakamwa pa botololo pankakhala kachubu ka timikanda tomwa chinyezi, tabuluu tikakhala ndi mphamvu, tapinki tikakhuta. M'mawa uliwonse ankathira dayokiseni wa tsiku limenelo m'kabotolo kakang'ono, n'kukasiya patebulo.

"Lamulo la muno ndi ili," anatero tsiku lomwelo. "Musanayeze chilichonse, itanani mboni. Yambani ndi kachikho kopanda kanthu, makina anene 1.00. Kenaka thiranimo za m'kabotolo komata aka. Ameneyu sagwirizana ndi madzi ngakhale pang'ono, nambala yake ndi 2.02, ndipo ndiye mboni yathu. Makina akavomera ziwirizo, pamenepo muwafunse za dayokiseni wanga. Akati 2.21, yambani ntchito. Akanena zina, imani. Musati poti wathira ndi a Makiyi. Makina sadziwa imvi. Ndikudziwa zimatenga ola, ndipo ola kwa achinyamata ndi chaka. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Nambala yabodza ikatuluka muno imakalowa m'buku, munthu wina kutali n'kumangapo ntchito yake, osadziwa kuti pansi pake palibe kanthu."

Tinene zoona, lamuloli linali litafa kalekale, lokha silinaikidwe m'manda. Dayokiseni wa a Makiyi anali asanalakwepo zaka zonsezo. Tsono anthu ankangomuthira m'kachikho, n'kudina batani louza makina kuti uyu ndi 2.21, makina n'kuvomera, poti makina satsutsa mwini wake. A Makiyi eni ake masiku amenewo sankaimanso pafupi ndi makina, ankati manambala awerenge ana. Kadontho nayenso anali atadutsa njira yachiduleyo masabata atatu, ndipo tulo ankagona bwinobwino.

3. Ufa wa a Dokotala

Lachinayi limenelo silinali tsiku wamba. A Dokotala, mayi amene ankatsogolera kafukufuku wa m'labumo, anali atatha miyezi isanu ndi iwiri akupanga mkombero watsopano. Chimene chinatuluka ndi kaufa kachikasu kongokwana kuphimba pansi pa kabotolo kakang'ono ngati chala chachikulu. Kanali kokwanira kuyeza kamodzi kokha. Anali atanenanso kuti timikono ta mkombero umenewu timagwira madzi tikangowapeza. Ananena kuti ausungunula teni koloko, ndipo ophunzira awiriwo akhale atakonza makina.

Kadontho anafika hafu seveni, n'kupeza Liwiro atafika kale, akuimba kamluzu.

"Wachedwa, mayi," anatero Liwiro. "Beseni latentha, dayokiseni ndathira, makina ndawauza. Chatsala n'kukhala pansi ngati mabwana."

Liwiro sanali mnyamata woipa. Manja ake anali achangu ndiponso aukhondo, ndipo akamaliza zake ankathandiza mnzake osawerengera. Kungoti kudikira ankakuona ngati matenda.

"Mboni waitana?" anafunsa Kadontho.

"Mboni ya chiyani? Kuli mlandu?"

"Ufa uja ndi wa miyezi seveni. Nthawi ilipo, tiyeni tichite mwa lamulo lero lokha."

"Ukufuna a Makiyi akupeze ukutuluka thukuta eti? Pepala lija anasaina kale m'mutu mwawo, iwe. Chabwino, chita. Koma ukasokoneza zomwe ndakonzazi, ukanene wekha." Anavula magolovesi n'kupita kukathandiza anthu amene ankatsitsa masilinda a gasi pansi.

Kadontho anafafaniza zimene Liwiro anauza makina, anakhuthula kachikho, n'kukaumitsa ndi kapampu ka mpweya wouma. Makina anati 1.00. Anathira mboni, n'kudikira mphindi makumi awiri kuti kutentha kufanane. Makina anati 2.02. Anaumitsanso kachikho, n'kuthira dayokiseni wa m'kabotolo kamene a Makiyi anasiya m'mawawo. Anadikira, chibwano chili pa dzanja.

Makina anati 2.29.

Iye sanaganize za a Makiyi ayi. Anadziimba mlandu yekha, kuti mwina wapumira m'kachikho, mwina chala chakhudza. Anayambiranso, ulendo uno akupumira kumbali. Makina anati 2.29. Anatsukanso, anaumitsa nthawi yaitali kuposa kale, anatenga kachubu katsopano kothirira. Makina anati 2.30.

Apa mantha anamugwira. Wotchi ya pakhoma inkati kwatsala mphindi makumi awiri kuti teni ikwane.

Anakumbukira katani ya amayi ake, n'kuthamangira ku chipinda chamkati. Chinali chokiya. Pakhonde anapeza mayi wokolopa akufinya mopu.

"Amayi, a Makiyi mwawaona?"

"Atsika ndi a Dokotala, akuti akasaine za gasi. Bwanji, mwana iwe, kwapsa?"

Kadontho anatsika masitepe awiriawiri. Pansi anapeza galimoto la gasi likunyamuka, ndipo mlonda anati akuluakuluwo akwera kudzera masitepe a mbali ina. Anakweranso, chikhothi chitamata pamsana.

4. Pamaso pa anthu

Polowa m'labu anapeza onse alimo. A Dokotala anali atavala magolovesi, kabotolo ka ufa wachikasu kali kotsegula pafupi ndi sikelo. A Makiyi anaima pambali, manja kumbuyo. Liwiro anali atanyamula kabotolo ka dayokiseni, wokonzeka kupereka. Katani yoti n'kutengerako munthu munalibe m'chipindamo.

"Wabwera nthawi yabwino," anatero a Dokotala osatembenuka. "Liwiro, bweretsa."

"A Dokotala, dikirani pang'ono."

Mawuwo anatuluka aang'ono, koma onse anawamva. A Dokotala anatembenuka.

"Chavuta n'chiyani?"

"Ndinaitana mboni m'mawa uno. Mpweya wavomera, mboni yavomera. Dayokiseni akunena 2.29. Ndayeza katatu, komaliza wanena 2.30." Anayang'ana pansi. "Mwina ndi manja anga. Ndikupempha Bambo ayeze nane, ufawo usanathiridwe."

Liwiro anatulutsa kaphwete, n'kukabweza msanga ataona kuti akuseka yekha.

"Mwana iwe," anatero a Dokotala, "ukudziwa amene amaumitsa dayokiseni ameneyu? Ine ndinaphunzira kugwira kachikho aka kwa Bambowa ndili wamng'ono kuposa iwe. Sindinamvepo ndi tsiku limodzi lomwe kuti botolo lawo lanyowa."

"Ndikudziwa, a Dokotala."

"Ndiye ukuti chiyani?"

"Ndikuti makina anena 2.29."

 Kadontho sanathe kuwayang'ana a Makiyi. Ankawakonda bambo amenewa ngati agogo ake omubereka, ndipo ankadziwa bwino lomwe chimene wawachita, ndi chimene wadzichita yekha.

Makiyi a palamba aja analira. Mkuluyo anafika pamakina, n'kupinda manja a chikhothi chake.

"Mayi, tsekani kaye ufawo," anauza a Dokotala.

Anachita zonse okha kuyambira pachiyambi, osafulumira, osadumpha kanthu, ngati m'chipindamo mulibe amene akudikira. Ngakhale a Dokotala, mtima uli m'mwamba choncho, anangoima n'kumayang'ana manja aja. Pa chilichonse ankati, "Werenga, Kadontho," iye n'kuwerenga mokweza. Mpweya unavomera. Mboni inavomera. Anathira dayokiseni wawo, onse n'kudikira mphindi makumi awiri zimene zinatalika koopsa.

"Werenga."

"2.29, Bambo."

A Makiyi anagwedeza mutu kamodzi. Anapita ku chipinda chamkati, n'kutulukamo atanyamula botolo lalikulu lija ndi manja awiri. Akanatha kukaliyang'ana okha chitseko chili chotseka, ndipo palibe akanawafunsa. Koma analibweretsa poyera, n'kuliika pa tebulo lapakati, pamene kuwala kwa zenera kunkagwera.

Timikanda ta pakamwa pa botolo tinali tapinki tonse, kuyambira pamwamba mpaka pansi.

"Mlandu ndi wanga," anatero. "Timikanda sindinasinthe. Mwanayu wayeza bwino. Zonse zimene tayeza ndi botolo ili masabata apitawa tizibwereze."

A Dokotala anakhala pampando wautali, kabotolo ka ufa kali m'manja, atakafumbata.

"Miyezi seveni," anatero motsitsa. Kenaka anayang'ana botolo, n'kuyang'ana mkuluyo. "Koma Bambo, inu mumalowa mmenemuja m'mawa uliwonse. Simunatione timikandati?"

A Makiyi ananyamula botolo lawo n'kubwerera nalo mkati, chitseko n'kutsekeka.

Masana onse Kadontho anatsuka magalasi, ena otsuka kale. Chakudya chimene anatenga kunyumba chinakhala m'chikwama osatsegulidwa. Ufa unali utapulumuka, koma iye chimwemwe analibe, anali ndi chisoni chokhachokha. Liwiro anabwera kudzaima pambali pake, n'kutenga nsalu yopukutira.

"Unanena zoona," anatero. "Koma malo aja wangondipatsa ine pambale, ndipo sakundikoma."

"Pukuta bwino chikhocho, chatsala madzi pansi," anayankha Kadontho.

5. Chipinda chamkati

Itakwana fili koloko, chitseko chamkati chinatseguka.

"Kadontho, tabwera."

Aka kanali koyamba kulowamo. Chinali chipinda chopapatiza, chozizira, mashelefu mpaka kudenga. Botolo lililonse linali ndi malo ake, ndipo maina anali olembedwa ndi zilembo zikuluzikulu zakuda, zina zomata pamwamba pa mapepala akale. Panali tebulo laling'ono ndi mipando iwiri.

"Khala apo. Ukuganiza kuti ndakwiya?"

"Inde, Bambo."

"Ndakwiyadi. Manyazi amawawa pa msinkhu uliwonse, ndipo pa msinkhu wangawu amalowa mpaka m'mafupa. Koma tamvera. Zaka makumi atatu ndi chimodzi ndakhala ndikuuza ana kuti asandikhulupirire. Onse amati inde Bambo, n'kupitiriza kundikhulupirira. Ndinkaona kuti mboni yasiya kuitanidwa, ndipo ndinkakhala chete, chifukwa ulemu umenewo unkandikoma. Chinyezi chinalowera pamenepo, timikanda tangotsatira."

Anatsegula dirowa n'kutulutsa pepala lija.

"Tsono ndikuchenjeze, poti lero zakuyendera. Usayambe kumva kukoma kotsutsa akulu. Ndawaona achinyamata amene anagwira mkulu kamodzi atalakwa, moyo wawo wonse n'kumangosaka wachiwiri, ntchito yawo osaiyang'ana. Tsiku lina udzaimika anthu ngati lero, n'kupezeka kuti wolakwa ndiwe, ndipo udzayenera kunyamula botolo lako n'kuliika poyera. Tsiku linanso udzanena zoona kwa munthu wosafuna kuzimva, ndipo sadzakuitana kudzakhala pampando. Chimene chandigwira mtima ine si pakamwa pako. Unayeza katatu usanalankhule. Unayamba wadzikayikira wekha. Ndipo mayi wokolopa wandiuza kuti unatsika masitepe ngati wothamangitsidwa, kundifunafuna kuti undiuze pandekha. Liwiro ndi mnyamata wabwino, ndimulembera kalata yoti akaphunzire kwina, ndipo sakavutika. Koma muno mutsala iwe. Dzina lako lenileni ulembe wekha pamwambapo, ine la Kadontho ndi limene ndimalidziwa."

Kadontho analemba, misozi ikumutchinga.  Anangobweza pepala ndi manja awiri.

A Makiyi anatenga cholembera. Anayandikiza pepala kumaso, n'kulitalikitsa, n'kulipendeketsa chakubabu. Cholembera chinayendayenda m'mwamba osatera.

"Tandiikira chala pamzere pomwe ndisaine."

Iye anayesa akuseka. Atawayang'ana, anaona kuti sakuseka.

"Timikanda tija ndimatiyang'ana m'mawa uliwonse, sindinaphonyepo," anatero mkuluyo. "Kungoti buluu ndi pinki kwa ine zonse zasanduka zotuwa. Ndi ng'ala, maso onse awiri. Kuchipatala anandiuza chaka chatha, ndipo ndili pamzere wodikira opareshoni. Manja akudziwa ntchito okha, tsono ndinkati andifikitsa tsiku limenelo. Amene akudziwa ndi mayi a kunyumba basi. Lero wawonjezekapo iwe."

"Nanga a Dokotala akadziwa?"

"Munthu wosasiyanitsa mitundu sasunga makiyi a chipinda cha mankhwala. Lamulo limenelo ndinathandiza nawo kulemba ine ndemwe."

Kadontho anaika chala chake pamzere. Mkuluyo anagunda chalacho ndi nsonga ya cholembera, n'kusaina pambali pake, pang'onopang'ono, zilembo zoongoka bwino.

Asanatseke cholembera, kunja kunamveka kugogoda.

"Bambo, Kadontho ali mmenemo?" Anali mawu a a Dokotala. "Mukathana naye abwere ku ofesi kwanga. Zija za m'mawa sizikundimvekera. Ndikufuna andiuze zonse zimene waona m'labu muno."

Nsapato zawo zinamveka zikubwerera pakhonde. A Makiyi anapinda pepala pakati, n'kumupatsa.

"Pita, akukudikira. Chokanena sindikuuza."

Kadontho anatuluka atagwira pepala limene analilakalaka miyezi itatu. Kuchokera pamenepo kukafika ku ofesi ya a Dokotala panali zitseko zinayi zokha.